Kamba wanu akatuwa, musathamangire Vaseline

Okutobala akafika, dzuwa la ku Chikwawa ndi ku Nsanje silichita masewera. Ku Ngabu kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo tonse timatuwa kuti mbuu. Ife anthu timangodzola mafuta basi, zatha. Ndiye amene akusunga kamba pakhomo akaona khosi ndi miyendo yake zikusupuka, amamudzoza Vaseline kapena mafuta ophikira. Ine ndikuti ayi, chifundo chotere ndi chovulaza.

Khungu la kamba si ngati lathu. Ndi la mamba opangidwa ndi keratini, chinthu chomwe chimapanganso zikhadabo zathu. Kamba satuluka thukuta, ndipo thupi lake limatentha kapena kuzizira potsatira malo amene ali. Akamakula amafundula, koma osati kamodzi ngati njoka: khungu lakale limachoka tizidutswa ting'onoting'ono. Ngati pansi pake pali khungu labwino ndipo akudya, si matenda amenewo, musamusende. Mafuta amangomata fumbi ndi tizilombo pathupi, pomwe vuto lenileni, likakhalapo, ndi kuchepa kwa madzi m'kati.

Mwambi uja wakuti kamba amanyerera amene wamutola muli sayansi. Kamba amasunga madzi m'chikhodzodzo kuti amufikitse kumvula. Mukamunyamula amachita mantha n'kutaya nkhokwe yonseyo, chilimwe chili pakati. Tsono kumupatsirana m'manja kusukulu, aliyense afune kumugwirako, n'kumuumitsa.

Chochita choyamba n'kudziwa chimene muli nacho. Wa miyendo yonga tizitsa ndi chigoba chotumphuka ndi kamba wa kumtunda. Wa chigoba chophwatalala ndi mapazi opalasira ndi nkhasi, ya m'madambo ngati Elephant Marsh, malo amene analowa m'ndandanda wa Ramsar mu 2017. Nkhasi imadyera m'madzi, ndiye kuisunga m'katoni n'kuipha pang'onopang'ono. Imafuna madzi oyera oti imire yonse, komanso mwala wokwerapo kuti iothere dzuwa ndi kuuma.

Kamba wa kumtunda muikeni m'beseni la madzi ofunda pang'ono, osapitirira chibwano chake, kwa mphindi 15 kapena 20, kangapo pa sabata. Muli pomwepo, osachoka. Pokhala pake pakhale mthunzi weniweni, dothi lachinyontho ndi masamba ouma obisalamo, komanso kambale ka madzi. Dzuwa la m'mawa amalifuna, chifukwa limathandiza thupi kupanga vitamini D wolimbitsa chigoba, koma la masana pa simenti kapena pafupi ndi malata likhoza kumupha. Nsima si chakudya chake. Kamba wamkulu wa mawanga uja amadya udzu ndi masamba, pomwe ang'onoang'ono otseka chigoba kumbuyo amadyanso bowa, nkhono ndi abongololo.

Za kuboola chigoba kuti mumange chingwe, chonde lekani. Chigoba ndi fupa lamoyo, lolumikizana ndi nthiti ndi msana, ndipo lili ndi magazi ndi minyewa. Amamva kuwawa. Mukaona maso otupa, zilonda, chigoba chofewa kapena chonunkha, pitani kwa alangizi a ziweto. Mukamugwira sambani ndi sopo, chifukwa akamba amatenga tizilombo ta Salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba.

Wina anena kuti, "Ndikamusiya kutchire ena amudya kapena apsa ndi moto wolusa." Zoona, zimachitika. Koma kamba amakhala zaka makumi angapo. Inu mukamaliza Fomu 4 n'kupita ku Blantyre, beseni lija adzatunga ndani? Dziwaninso kuti nyama zakutchire zili ndi lamulo lake, National Parks and Wildlife Act, kotero musanasunge funsani kaye za chilolezo.

Maganizo anga ndi awa: mukamupeza akudutsa msewu, muolotseni kulowera kumene amapita, mumusiye. Ngati wakhala kale nthawi yaitali pakhomo, musakangomutaya paliponse. Uzani aphunzitsi a kalabu ya zachilengedwe kapena ogwira ntchito ku Lengwe kapena ku Mwabvi akuuzeni koyenera kumubwezera.