KODI MAKINAWA ADZAMVA MAU A NDANI?

Anzanga, pa tchuthi chapitachi kwathu ku Mbombwe ndidakhala nthawi yaitali ndi amalume amene adadwala sitiroko. Dzanja lamanja lidafooka, lilime nalo lidalemera. Akati apemphe madzi, ine ndinkangoti kakasi. Koma akazi awo sankafunsa kawiri, ankangonyamuka kukatunga.

M'chaka cha 2024 kampani ya Google idaonjezera Chichewa pa zinenero zomwe munthu angathe kulankhula pa foni, foniyo nkumalemba yokha. Ambiri adakondwa, inenso ndidakondwa. Tsono funso langa ndi ili: Chichewa chake cha yani?

Makinawa alibe makutu ngati athu. Amaphunzira pomvetsera mau ambirimbiri ojambulidwa, ndipo ambiri mwa mauwo ndi a anthu olankhula bwino, pamalo a zii. Munthu wachibwibwi, wodwala sitiroko kapena wobadwa ndi vuto la kumva sapezekamo kawirikawiri. Chomvetsa chisoni nchakuti iyeyo ndiye akuwafunitsitsa makinawa. Ine ndikhoza kulemba uthenga ndi chala, amalume sangathe.

Nanga phokoso? Kwathu malo a zii ndi osowa. Taganizani za kuchigayo, m'minibasi ya ku Limbe, mvula ikamagwa pa malata, kapena khamu lija la pa 15 Januwale ku PIM pokumbukira John Chilembwe. Munthu amayang'ana milomo ya mnzake nkumva ndithu, pamene foni imalandira zonse pamodzi, mau ndi chigayo chomwe.

Njira ilipo. Mu 2019 Google yomweyo idalengeza Project Euphonia, ntchito yojambula mau a anthu ovutika kulankhula. Mu 2021 padabwera Project Relate: munthu amawerenga ziganizo pafupifupi 500, makina nkuzolowera kalankhulidwe ka iye yekhayo. Si zomwe adachita akazi a amalume kodi? Kungoti ntchitoyi idayambira pa Chingerezi, chimene amalume sadachilankhulepo.

Ine ndikuti tisadikire kuti a ku California adzabwere kudzajambula Chichewa cha odwala athu. Konkuno ku Chiradzulu, ku Nguludi, kuli sukulu ya ana osamva ya Maryview, koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana olumala, chipatala cha St Joseph ndi Catholic University. Akanagwirizana, ophunzira nkumayenda m'midzi ndi mafoni kujambula mau, atapempha chilolezo kwa eni ake, osati mwakuba. Ena adzati dziko losowa mankhwala lisataye nthawi ndi zotere. Nzoona, mankhwala ndiwo oyamba. Koma wodwala amene akulephera kufotokozera dokotala pomwe pakupweteka, adzampatsa mankhwala ati?

Ndidawafunsa amalume ngati angalole kuwerenga ziganizo 500. Adayankha motalika, ine osamva kanthu. Akazi awo adaseka nati, "Akuti ayambe liti."