Mimba ya mwana sitsekera Lachisanu

Lolemba m'mawa belu likalira pasukulu yomwe ndimaphunzitsa kuno ku Phalombe Boma, ana ena sathamangira m'kalasi ayi. Amakaima kukhitchini, kapu m'manja, maso ali pamphika wa phala. Tsiku lina mu Disembala ndidafunsa mtsikana wa Sitandade 4 kuti nsima adadya liti komaliza. Adawerenga zala nati, "Lachinayi usiku, aphunzitsi." Loweruka ndi Lamulungu adagonera mango osapsa owiritsa.

Phala sindikulinyoza. Chiyambireni bungwe la World Food Programme kudyetsa ana m'sukulu m'dziko muno mu 1999, ana ambiri amene akadakhala kubusa adziwa kuwerenga chifukwa cha kapu imeneyi. Chimene ndikukana ndi maganizo oti njala imatsata kalendala ya sukulu. Mwana amene wamanga mimba masiku awiri amangosinza Lolemba lonse, ndiye ife timulembe kuti ndi mbuli?

Alipo ena, makamaka okhuta, amene amati kudyetsa mwana ndi udindo wa kholo, ndipo zaulere zimabala ulesi. Amenewa abwere ndikawayendetse m'tsinde mwa mapiri a Michesi ndi Mulanje, kumene namondwe wa Freddy adakwirira minda ndi miyala ndi mchenga mu Malichi 2023, monga adachitira Napolo mu 1991. Anthu asadapume, ng'amba ya 2024 idawotcha chimanga. Mayi amene walima kawiri osakolola, waulesi ndi iyeyo?

Pempho langa ndi laling'ono. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, Lachisanu lililonse mwana wa m'banja losowa aziweruka ndi kathumba ka ufa ndi nandolo. Sizachilendo: WFP yomweyo idaperekapo chimanga chopita nacho kunyumba kwa atsikana ndi anyamata amasiye a m'makalasi apamwamba m'miyezi ya njala. Nandoloyo timalima tokha, ndipo mavenda amatigula pamtengo wolira nawo. Bwanji asagulidwe ndi sukulu?

Akuti kathumbako kadzadyedwa ndi banja lonse. Kadzadyedwadi, nanga mwana angadye yekha mng'ono wake akuyang'ana? Mng'onoyonso ndi wanga, akubwera ku Sitandade 1.

Za ndalama musandiuze. Ndidaona ndi maso angawa malole a nsalu ndi malaya a zipani akutsitsidwa pa Boma pano nthawi ya kampeni, ndipo palibe adafunsa kumene ndalamazo zidachokera.