Ku camogie, wosewera sagulidwa

Amene sanaonerepo camogie angaganize kuti atsikana a ku Ireland akumenyana ndi ndodo. Ayi, ndi masewero a akazi, achibale ake a hurling ya amuna. Aliyense amagwira ndodo ya mtengo yophwatalala kunsonga, n'kumamenya kampira kolimba kotchedwa sliotar. Kakalowa m'golo ndi mapointi 3, kakadutsa pamwamba pa mtanda ndi pointi imodzi.

Chikho cha maboma chinayamba mu 1932, koma cha makalabu chinadikira mpaka 1964, pamene Celtic ya ku Dublin inachitenga koyamba. Ine mtima wanga uli pa cha makalabu, chifukwa kumeneko wosewera sagulidwa. Kawirikawiri umasewerera parishi imene unakulira.

Zimenezi zimaonekera m'bwalo. St Paul's ya ku Kilkenny inatenga chikhochi kasanu ndi katatu pakati pa 1968 ndi 1989, ndipo m'zaka zambiri za ulemerero wake inkadalira amapasa awiri, Angela ndi Ann Downey. Buffers Alley ya ku Wexford inachisunga zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1981. Sarsfields ya ku Galway inatchuka ndi ana a McGrath, mphunzitsi wake ali bambo awo omwe. Anthu oterewa safunika kukuwirana. Wina akatola mpira pansi ndi ndodo, n'kuthamanga nawo utakhazikika kunsonga kwake, mng'ono wake amakhala atanyamuka kale kupita pomwe ukagwere. Mphunzitsi wa timu ya boma angakuwe miyezi ingapo, koma kumvana kotereku sangakupange.

Mu 1999 osewera anawonjezeredwa kuchoka pa 12 kufika pa 15, bwalo nalo linakula. Ena ankaopa kuti midzi ing'onoing'ono isowa anthu odzaza timu. Slaughtneil, dera la kumudzi ku Derry, inayankha ndi zikho zitatu zotsatizana, 2017 mpaka 2019.

Chondinyansa ndi wezulo. Mpikisano wa makalabu umachitika nyengo yozizira, bwalo lili matope okhaokha, ndiye kugundana sikungalephereke. Komabe oyimbira ena amaimitsa masewero akazi akangokhudzana mapewa, ngati kuti ndi mazira. Malamulo anafewetsedwa mu 2021 kuti kukhudzana pang'ono kuziloledwa, ndipo oyimbirawo akuyenera kuwatsatira. Mtsikana amene wathamanga theka la bwalo mpira uli pa ndodo sanabwere kudzamvera wezulo.