Oyilo wa synthetic pa pikapu ya dizilo: kodi ndalama yake imabwerera?

Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, oyilo wakwera mtengo, ndipo alimi ena okhala ndi pikapu yonyamulira zokolola akuchedwetsa kumusintha. Kutero kumapha injini.

Oyilo wa synthetic amapirira kutentha kuposa oyilo wamba, komabe mwaye wa dizilo umamudetsa ndithu. Fyuluta yoonjezera ya bypass imasefa oyilo pang'onopang'ono n'kugwira tizinyalala todutsa pa fyuluta wamba. Imapindulitsa galimoto yoyenda maulendo ataliatali. Ngati yanu imangopita kumsika kamodzi pa sabata, ndalamayo siibwerera msanga.

M'misewu yathu yafumbi, yambani ndi fyuluta ya mpweya. Gulani oyilo amene buku la galimoto yanu likunena, monga 15W-40, m'chigubu chosatsegula.