Kodi Munthu wa Zaka 24 Ndi Nkhalamba?

Pa tchuthi chapitachi ndinakhala pakhonde madzulo ena ndi achimwene anga, iwo alikukonza tcheni cha njinga yao ya kabaza. Ndinawafunsa ngati sadzabwereranso ku sukulu, pakuti analekera mu Fomu 3 chaka chimene bambo anamwalira. Iwo anaseka pang'ono, napukuta manja ao, nati, "Mng'ono wanga, ine ndakalamba. Zimenezo n'za inu ana." Achimwenewo ali ndi zaka 24. Imvi alibe ndi imodzi yomwe, ndipo chitunda cha kwathu amachikwera osatsika, atanyamula munthu pambuyo. Mau amenewa andivuta kufikira lero, ndipo ndati ndiwaike pamaso panu, anzanga ndi aphunzitsi, kuti tiweruze pamodzi.

Makolo athu sanali kuvutika ndi funso lotere, popeza zaka sanali kuziwerenga. Mnyamata anali kugona m'mphala ndi anzake, msungwana m'gowelo. Tsono mnyamata akakwatira anali kupita kuchikamwini, namanga nyumba, napatsidwa munda, naimika nkhokwe yakeyake. Msungwana naye akavinidwa chisamba ndi kubala mwana, anthu anali kuyamba kumuitana ndi dzina la mwanayo. Unyamata unali ndi khomo lotulukira, ndipo mudzi wonse unali kuona tsiku limene munthu watulukapo.

Lero khomo lija silioneka bwino. Tikafunsa malamulo, nawonso salankhula chimodzi. Malamulo aakulu a dziko, monga anawakonzera m'chaka cha 2017, ati mwana ndi munthu wosafika zaka 18, ndipo pa msinkhu womwewo munthu aloledwa kuponya voti. Kuti akhale phungu wa Nyumba ya Malamulo afunika zaka 21, ndipo kuti akhale Mtsogoleri wa dziko afunika 35. Bungwe la United Nations liwerenga unyamata kuyambira zaka 15 kulekeza 24, koma ndondomeko ya achinyamata ya dziko lathu ifika mpaka 35. Kotero achimwene, amene ati akalamba, atafuna mpando waukulu uja angauzidwe kuti ayambe akula zaka zina 11!

Tikumbukenso za m'phunziro la mbiri. M'chaka cha 1956 Henry Masauko Chipembere analowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba ali ndi zaka 25, ndipo Kanyama Chiume ali ndi 26. Kodi iwo anadziyesa nkhalamba? Iai. Vuto lao linali lakuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi anali kuwaona ngati ana, ndipo ichi ndi china cha zifukwa zimene anaitanira Dr. Banda, munthu wachikulire, amene anafika pa Chileka pa 6 July 1958. Msinkhu umene unali wochepa kwa Chipembere ungakhale bwanji ukalamba kwa achimwene anga?

Komatu sindifuna kuwatsutsa ngati kuti anama. Chilipo chimene alikumva m'thupi mwao, ndipo ine ndiganiza kuti ndi katundu. Tsiku limene tinaika bambo, amalume anawatengera pambali nati, "Tsopano bambo pakhomo pano ndiwe." Kuyambira pamenepo nkhani ya mbeu, ya feteleza, ya denga lodontha, ya mayi akadwala, ngakhale ndalama zimene ine ndigonera kuno, zonse zifikira iwo. Ukadzuka tambala woyamba kukapalasa njinga ndi kubwera kutada, msana uli kuwawa, n'chapafupi kunena kuti wakalamba. Pamenepa ndivomera kuti unyamata wao unatha, ndipo unatha tsiku la maliro lomwe lija, ali ndi zaka 19. Ine ndiyesa kuti unyamata umatha pamene nsima ya anthu ena yayamba kudalira manja ako, kaya uli ndi zaka 16 kaya 30. Koma kutha kwa unyamata ndi kwina, ukalamba ndi kwinanso, ndipo pakati pa ziwirizi pali zaka zambiri zimene munthu angaphunziremo chilichonse.

Palinso ichi. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu oposa 17 miliyoni a m'dziko muno, theka anali osafika zaka 18. Munthu wa zaka 24 akacheuka pamsika kapena pabwalo la mpira aona ana okhaokha, ndipo maso ake amuuza kuti wakula kwambiri.

Tsono ndifike pa chimene chandilembetsa nkhaniyi, ndipo ndichita nacho manyazi. Nditawaumiriza, achimwene anati, "Ndikakhale pa benchi limodzi ndi ana, azikanditcha agogo?" Ndinasowa choyankha, pakuti ndinadziwa kuti alikunena zoona. M'kalasi mwathu muli mnzathu amene atiposa ndi zaka zisanu. Timutcha Madala. Akalowa m'chipinda chodyera ena amaimirira mwachipongwe, nati agogo apatsidwe mpando. Inenso ndinali kuseka nawo, ndipo tsiku lina ndinamufunsa ngati adzukulu ali bwino kumudzi. Pa teremu yoyamba iye anali kukweza mkono kawirikawiri pa phunziro la masamu. Tsopano akhala kumbuyo, chete. Palibe wa ife amene anamufunsa kuti zaka zisanuzo anali kuti, ndipo anali kudyetsa yani.

Ena adzati m'mera mpoyamba, wochedwa wachedwa. Mwambiwo ndi wabwino pochenjeza ife amene tili ndi mwai wokhala pano pa nthawi yake. Koma sunapangidwe kuti tizimenyera munthu amene anachedwa chifukwa chosenza abale ake. Aphunzitsi amalanga msanga wotukwana ndi wakuba. Ndipempha kuti chipongwe ichinso achiyang'ane, ndi kuti akapitao a m'nyumba zogona aleke kukhala oyamba kuseka.

Ine dzina lija ndaleka kulitchula. Makope anga a Fomu 3 ndilikuwalemba mosamala kuposa kale, kuti ndikawasiyire achimwene pa tchuthi chikudzachi, pakuti pafupi ndi kwathu pali sukulu imene iphunzitsa masana anthu amene analekera panjira. Iwo sanavomere. Anangoti tidzakambirananso akakolola.