Chenjezo: Mukaona Kachitsulo Kachilendo M'munda, Musakakhudze

Kuyambira 2023, achinyamata athu ambiri akugwira ntchito m'minda ya ku Israel. Mu June 2025 ina mwa mizinga imene Iran inaponya m'dzikolo inali ya mtundu wa cluster, imene imatseguka ikadali m'mwamba n'kumwaza timabomba tambirimbiri pamalo aakulu. Inu amene muli ndi mwana kapena mlongo kumeneko, muimbireni foni lero lomwe.

Choopsa chake n'chakuti timabomba tina timagwa osaphulika. Timakhala phee m'tchire, m'mizere ngakhale padenga, kudikira khasu, phazi kapena dzanja la mwana. Anthu a ku Laos ndiwo akuidziwa bwino nkhaniyi. Pakati pa 1964 ndi 1973 ndege za America zinawagwetsera timabomba pafupifupi 270 miliyoni, ndipo pafupifupi 80 miliyoni tinatsala tosaphulika. N'tozungulira, tokula ngati lalanje. Zaka zoposa 50 zadutsa, koma mlimi wa ku Xieng Khouang amalimabe mtima uli m'mwamba, ndipo ana akufabe poyesa kuti atola mpira.

Kum'mwera kwa Lebanon, nkhondo ya 2006 inasiya timabomba tina tochokera m'zipolopolo za mizinga, tokhala ndi kansalu ka nayiloni kumutu. Kansaluko mwana akakaona amafuna akakoke. Zimandipweteka mtima kuti akuluakulu opanga zida amadziwa zonsezi koma amapangabe.

Choncho mukaona kachitsulo kosadziwika, musakatole, musakagende ndi mwala, musakakankhe ndi phazi kapena ndodo. Ngakhale katachita dzimbiri, kakadali ndi moyo. Bwererani podzera momwe munadzera, chenjezani anzanu, ndipo dziwitsani apolisi. Bwana wa pamunda akati kachotseni kuti ntchito ipitirire, kanani. Musaganizenso zokagulitsa kwa ogula zitsulo zakale.

Pangano loletsa zidazi linasainidwa ku Oslo mu 2008. Malawi ndi Zambia analowamo, ndipo msonkhano wa mayiko a m'panganoli wa 2013 unachitikira ku Lusaka. Koma America, Russia, Israel ndi Iran sanalowemo. Mu 2023 America inapereka zipolopolo zoterezi ku Ukraine, komwe Russia inali ikuzigwiritsa kale ntchito, ndipo mu 2025 Lithuania inatuluka m'panganoli. Boma lathu lisakhale chete pa zimenezi, ndipo aliyense amene akutumizidwa kukagwira ntchito kudera la nkhondo aonetsedwe zithunzi za timabombati asanakwere ndege.