Matenda Opanda Dzina

Mu mphakati wathu muli amai ena amene atha miyezi itatu osaona tulo tabwino. Usiku maso ali gwa, usana angosinza pa mphasa. Mapazi acita dzanzi, manja anjenjemera, ndipo nthawi zina amaiwala cimene anali kunena. Ku kiliniki anawapima malungo kawiri, osawapeza. Amuna awo ndi mlimi wa cimanga ndi nshawa, ndipo khadi la inshuwalansi ya zaumoyo alibe. Tsopano acibale ayamba kunong'onezana dzina la apongozi awo okalamba.

Zoterezi taziona kambiri. Matenda akasowa dzina ku cipatala, mudzi umawapatsa dzina lake, ndipo kawirikawiri dzinalo ndi ufiti. Mbuzi imene ikanalipira ulendo wa ku Chipata imathera kwa sing'anga, banja limagawikana, wodwala naipiraipirabe.

Komatu zizindikiro zotere ziri ndi magwero odziwika. Dzanzi la m'mapazi lingadze ndi matenda a shuga, kacirombo ka HIV, kusowa kwa vitamini B12, ngakhale mankhwala ena a TB. M'cigwa ca Luangwa, ku Mambwe ndi ku Chama, ncenche ya tsetse imafalitsa kaodzera. Matendawa amayamba ngati malungo, kenaka amalowa mu ubongo nasokoneza tulo ndi nzeru, ndipo amapha ngati munthu salandira mankhwala. Kale wodwala kwambiri ankabayidwa melarsoprol, mankhwala aukali oopsa, koma mu 2024 bungwe la WHO linalangiza kuti odwala ambiri adzipatsidwa mapiritsi a fexinidazole. Kumene nkhumba zimayendayenda ndipo zimbudzi n'zocepa, mazira a njoka za m'mimba angalowe m'thupi ndi kukhazikika mu ubongo, nabweretsa khunyu. Khunyu si lopatsirana, ndipo WHO imanena kuti pafupifupi 7 mwa odwala 10 angaleke kugwa atalandira mankhwala oyenera.

Nanga wopanda ndalama ayambire pati? Ayambire pa kiliniki ya kwao. Boma linacotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linawacotsa m'dziko lonse. Ngati mankhwala sakuthandiza, abwerere komweko ndi kupempha mwaulemu kalata yomtumiza ku cipatala ca boma lake, ndipo kucokera uko njira iripo ya ku Chipata Central kapena ku UTH mu Lusaka. Mu 2018 cipatala ca UTH cinayamba kuphunzitsa madotolo a ubongo ndi mitsempha, amene kale sankaphunzitsidwa m'dziko muno. Caka comweco lamulo linakhazikitsa NHIMA, ndipo alimi ndi amalonda a pamsika nawonso angalembetse. Ndi nzeru kulembetsa thupi likali bwino. Amene walephereratu afunse ofesi yothandiza osowa pa cipatalapo.

Pali cida cina cotsika mtengo: kabuku ndi pensulo. Dotolo ali ndi mzere wautali panja, ndipo mphindi zake n'zowerengeka. Tsono tilembe tsiku limene vuto linayamba, maola a tulo, mankhwala onse amene wodwala wamwa, a zitsamba omwe, ndi kumene anayenda. Kungonena kuti anapita kukapha nsomba ku Luangwa kungamtsegule maso dotolo. Amene amagona naye m'nyumba apite naye, pakuti wodwala saona zimene amacita m'tulo kapena akagwa. Koma ngati pakamwa papotoka, mbali imodzi ya thupi yafooka, khosi lauma thupi liri moto, kapena kugwa kwapitirira mphindi 5, tisadikire mawa.

Sitikubisa kuti njirayi ndi yaitali, ndipo ena amayenda kangapo dzina la matenda lisanapezeke. Apa ndipo pali nchito ya mphakati. Timadziwa kusonkha ufa ndi nkhuni pa maliro. Bwanji tisasonkhe za basi munthu akali moyo? Ansembe adzabwera ndi mafuta a odwala, ndipo n'koyenera, koma sakramenti silicotsa udindo wathu womtengera mbale wathu kwa dotolo.

Lamulungu lapitali mphakati wathu unasonkha za ulendo wa amai aja, ndipo amai awiri anadzipereka kusunga ana. Ena a ife tinapitanso kukaceza ndi apongozi okalamba aja, amene kwa mwezi wathunthu palibe anawapatsa moni.